Ojambula anzawo akhale kutsogolo, ife onenepa tipite kuseri?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani munalemba sabata yatha ija yoti kaya anthu onenepa tikhale ndi ma jimu athuathu kuti tizimasuka pochita masewera olimbitsa thupi. Poyamba ndinangoiwerenga nkuiseka, ndimati ndi zokamba za anthu osowa chochita, koma Lachiwiri lapitali zandigwera ine mwini wake ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Ine ndi mzimayi wa makilogalamu 112, sindibisa ayi, ndi sikelo inanena. Adokotala atandiuza chaka chatha kuti BP yakwera komanso shuga wayamba kusuzumira ndinakalembetsa ku jimu ina yake yomwe sinditchula dzina, nde kwa miyezi 7 tsopano ndakhala ndikupita katatu pa sabata osajomba, ndalama ndimalipira zofanana ndi wina aliyense, palibe anandichotserako poti ndine wonenepa. Tsikulo ndinali pa treadmill (makina oyendapo kapena kuthamangapo) yachitatu kuchokera pakhomo, ndili pa mphindi 18, thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana pa galasi lalikulu lakutsogolo lija ndikungoona tianyamata tiwiri kumbuyo kwanga. Kamodzi kakweza foni m'mwamba ngati kakudzijambula kokha koma kamera yaloza kumsana kwanga, kenako kanzake katupitsa masaya, manja katambasula, kakuyenda dendemu dendemu kutsanzira mayendedwe anga. Anaiwala kuti galasi silisankha munthu, limaonetsa aliyense.

Ndinazimitsa makina, kutenga thaulo langa, ulendo kwa a manejala. Sindinakuwe, sindinatukwane, ndinafotokoza bwinobwino ngati munthu wamkulu. Yankho lake mumve akonzi. Akuti, "Aaa pepani mayi, anyamata ndi choncho musawatengere. Koma musadandaule tili ndi pulani yabwino kwambiri, mwezi wamawa tikutsegula chipinda chapadera cha anthu a matupi ngati anuwa kuti muzikhala omasuka." Akunena uku akumwetulira ngati andipatsa mphatso. Mpaka ananditenga kukandionetsa chipindacho eti. Chili kuseri, moyang'anana ndi zimbudzi, momwe pano akusungiramo ma mopu ndi ndowa, kawindo kake kamodzi kali m'mwamba ngati ka m'selo, njinga ziwiri, ina ilibe chishalo. Ndinangoti kakasi.

Mayina a tianyamata tija sanafunse. Kuwauza kuti afufute vidiyo ija sanawauze. Pomwe ndimatuluka tianyamatato tinali tikadali pompo pa benchi pafupi ndi windo lalikulu lolowa mphepo, tikuseka. Nde ndifunse, wolakwa pamenepa ndani? Wakuba wathyola nyumba, apolisi akubwera nkuuza mwini nyumba kuti samukani mukakhale kuseri kwa phiri komwe akuba sakuonani, wakubayo nkumusiyira makiyi? Zimenezo ndi zimene mukuzitcha kutiganizira?

Chimene chikundiwawa kwenikweni ndi mawu aja oti "kuti muzikhala omasuka". Ine ndinali womasuka kale! Miyezi 7 ndimabwera, ndimapuma wefuwefu pagulu, malaya amanyowa pagulu, sindinapemphe munthu kuti andibise. Amene anandichotsera ufuluwo ndi munthu wa foni uja, osati thupi langa. Koma mwa nzeru za a manejala vuto ndi mnofu wanga, nde mankhwala ake nkuuchotsa pamaso pa anthu. Tinene zoona, chipinda chimenecho sakumangira ine kuti ndimasuke, akumangira iwo omwe safuna kutiona, kuti ma vidiyo awo a pa TikTok azituluka oyera opanda chimayi chonenepa chikudutsa kumbuyo.

Ndipo ndani azisankha olowa kuseriko? Pakhomo paikidwa sikelo? Mlonda azitiyeza ndi maso? A World Health Organization amati munthu wamkulu amene BMI yake yafika 25 ndiye kuti thupi lapyola muyezo, ikafika 30 ndiye kunenepa kwenikweni. Koma BMI imeneyi ndi masamu chabe a kulemera ndi kutalika, anayambitsa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, munthu wa masamu osati dokotala, ndipo siisiyanitsa mafuta ndi minyewa. Tanthauzo lake zimphona zambiri zonyamula zitsulo zija, za zifuwa ngati zitseko, BMI yawo imadutsa 25 bwinobwino. Nde ngati tikutsata malamulo tiyeni tonse tikapanikizane pa ndowa ndi ma mopu paja, tizilandirana njinga yopanda chishalo ija. Nanga ine ndikatsika makilogalamu 10 mundikweza kalasi? Kudzakhala mwambo wa ma satifiketi, kuti mayi uyu tsopano waloledwa kuonedwa ndi anthu?

Bungwe lomwelo la WHO linanena kuti mu 2022 anthu akuluakulu 2.5 biliyoni pa dziko lonse anali ndi thupi lopyola muyezo, ndiye kuti anthu 43 pa 100 alionse, ndipo mwa iwowa 890 miliyoni anali onenepa kwenikweni. A manejala anga akufuna anthu 43 pa 100 akwane mu kachipinda ka ma mopu. Bungwe lomwelonso limati munthu wamkulu azichita masewera mphindi zosachepera 150 pa sabata, silinanene kuti owonda achitire poyera onenepa achitire mobisala. Dokotala akutiuza pitani ku jimu, tikafika ku jimu akutiuza pitani kuseri, tikakhala kunyumba akuti ndife aulesi. Mukufuna tilowere kuti?

Musandimve molakwa, ndikudziwa alipo anzanga omwe angakonde malo awoawo ndipo sindikuwanyoza. Mnzanga wina analembetsa limodzi ndi ine, anabwera masiku atatu okha, tsiku lachinayi anafika pa geti nkubwerera chifukwa cha maso a anthu, mpaka lero amachitira kuchipinda kwake chitseko chokhoma. Manyazi amenewo ndi enieni. Ku Chicago kunatsegulidwa jimu yotchedwa Downsize Fitness mu 2011 yolandira anthu ofuna kuchotsa ma pounds 50 kupita m'mwamba, pafupifupi makilogalamu 23, ndipo anthu amapitako mwa kufuna kwawo. Ma jimu a Curves a azimayi okhaokha anayamba ku Texas mu 1992 nkufalikira maiko ambiri. Munthu akasankha yekha kupita malo otero ndi ufulu wake, ndalama ndi zake. Koma kusankha wekha ndi kwina, kukankhidwira kuseri iwe utabwera kudzadandaula kuti akujambula ndi kwinanso. Chachiwirichi dzina lake ndi tsankho basi, ngakhale mulipake penti yowala ndi kuikamo maluwa.

Komanso anzathu kwina nkhani yojambula anthu ku jimu saitenga mwachibwana. Mu 2016 ku Los Angeles, Dani Mathers, mtsikana wotchuka wojambulitsa m'magazini, anajambula mayi wa zaka 70 ali mbulanda mu chipinda chosinthira zovala ku jimu ya LA Fitness nkuponya chithunzicho pa Snapchat ndi mawu onyogodola. A jimuwo sanauze gogoyo kuti tikumangirani bafa lanulanu kuseri ayi. Anamuletsa mtsikanayo kupondanso mu ma jimu awo onse, nkhani anakaitula ku polisi, ndipo mu 2017 khoti linamulamula kugwira ntchito yofufuta zolembalemba m'makoma kwa masiku 30 kuphatikiza zaka 3 akuyang'aniridwa. A Planet Fitness ku America anachita kuika alamu yolira munthu akayamba kudzionetsera, kuponya zitsulo pansi ndi kubuula mokweza. Kaya alamuyo imathandiza kaya ndi bizinesi chabe, koma mfundo yake ndi yoti wosokoneza anzake ndi amene achite manyazi. Kwa a manejala anga zinatembenuzika.

Ndipo poti ndayamba kale ndimalize, nkhaniyi si ya jimu yokha. Pita ukagule zovala zochitira masewera, ma saizi amathera pomwe thupi langa layambira, wogulitsa nkumakuuza kuti "imatamuka iyi mayi" chonsecho ikukanira m'maondo. Mu 2019 a Nike ataika chidole chonenepa chovala zamasewera mu shopu yawo ya ku London anthu ena anakwiya, akuti akulimbikitsa kunenepa. Tamvani! Tikavala zamasewera tikulimbikitsa kunenepa, tikapanda kuvala ndife aulesi. Upite kuchipatala ndi khutu lowawa, usanakhale nkomwe pampando wauzidwa kale kuti chepetsani thupi, ngati khutu nalo lanenepa. Ma kochi enanso a m'ma jimu ndi omwewo, munthu wa makilogalamu 112 tsiku loyamba akumuuza adumphedumphe ngati mwana wa zaka 19, maondo akatupa akuti mulibe khama. Sadziwa nkomwe kuti munthu wolemera umamuyambitsa ndi kuyenda, njinga kapena kusambira kuti mfundo za miyendo zisavulale. Ndipo tianyamata tosekati tisaiwale kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, thupi limasintha, ena ndi mankhwala, ena ndi uchembere, ena ndi ukalamba chabe, ambiri a ife sitinabadwe ndi mimba zimenezi.

Zofunika kuchita sizovuta nkomwe ndipo sizilira chipinda chatsopano. Lembani pakhomo ndi zilembo zikuluzikulu kuti wojambula mnzake popanda chilolezo achotsedwa tsiku lomwelo ndipo ndalama sabwezeredwa, ndipo muzichitadi osati kungomata pepala. Makina alionse ali ndi malire a kulemera komwe anganyamule, matani malirewo poonekera kuti munthu asamachite kufunsa pagulu, gulaniko benchi imodzi yotakata, ma kochi anuwo aphunzitseni. Amene amapereka ziphaso kwa eni ma jimu nawonso azifunsako zimenezi, osangolandira ndalama ya laisensi nkutseka maso. Ma mopu asiyeni momwe alimo, ali bwinobwino.

A manejala ngati mukuwerenga, ndipo ndikudziwa mwadzizindikira, Lolemba ndikubwera 6 koloko m'mawa. Mundipeza pa treadmill yachitatu kuchokera pakhomo, kutsogolo kwa galasi, ndipo ndikufuna ndidzamve kuti vidiyo ija yafufutidwa ndi ndani, liti.

Ine wanu wokwiya,
Mayi wa pa treadmill yachitatu