Opuma pantchito, werengani ndondomeko musanalipire ulendo wa ku Roma ndi ku Fatima

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi makolo athu opuma pantchito kuno ku Zomba amene akusonkha ndalama zoti akaone Roma, Assisi, Lourdes ndi Fatima miyendo isanafooke. Ulendowu ndi wabwino ndipo sitikuletsa aliyense. Nkhawa yathu ili pa pepala la ndondomeko, limene ambiri amasayina osaliwerenga chifukwa maso ali pa chithunzi cha Papa chimene chili pamwamba.

Musawerenge mayina a malo, werengani kuti pamalo aliwonse mukagonapo kangati. Ndondomeko yolonjeza mayiko anayi m'masiku khumi ikutanthauza kuti masiku ambiri akathera m'basi. Kuchoka ku Fatima ku Portugal kukafika ku Lourdes ku France ndi makilomita pafupifupi 1,000, kuposa mtunda wochoka ku Zomba kukafika ku Karonga, ndipo kuchoka ku Lourdes kukafika ku Roma pamsewu ndi oposa 1,300. Munthu wa zaka 70 amafika mapazi atatupa, gulu lake likupita kokapemphera iye ali gone kuhotela. Pamalo aakulu aliwonse pazikhala kugona kawiri, ku Roma katatu kapena kanayi. Ngati thumba silikulola, chotsani dziko limodzi.

Masiku akenso ali ndi nkhani. Papa amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa, ndiye ndondomeko yofika ku Roma Lachinayi n'kuchoka Lolemba yakuphonyetsani kale, ngakhale mutha kukhala nawo pa pemphero la Angelus Lamulungu 12 koloko masana, lomwe silifuna tikiti. Matikiti a Lachitatu ndi aulere, amapemphedwa ku ofesi ya Vatican nthawi idakalipo. Wina akakulemberani mtengo wa tikitiyo, mufunseni kuti ndalamayo ndi yachani. Nyumba zosungira zinthu zakale za ku Vatican sizitsegula Lamulungu kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi, ndipo tsiku limenelo mzere wake si wa munthu wodwala mawondo. Ku Fatima chikhamu chimakula pa 12 ndi 13 Meyi komanso pa 12 ndi 13 Okutobala, pokumbukira zimene ana atatu, Lucia, Francisco ndi Jacinta, anaona mu 1917. Ndi masiku okoma pa pemphero, koma malo ogona amasowa n'kukwera mtengo, moti magulu ena amagonekedwa kutali. Funsani dzina la hotela ndi mtunda wake kuchoka pamalo opempherera. Ku Lourdes mdipiti wa makandulo umayamba 9 koloko usiku, ndipo wogona kutali amauphonya.

Nyengo ya kumeneko imatembenukirana ndi yathu. Mu Juni ndi Julaye, ife tikuwotha moto m'munsi mwa phiri muno, ku Roma kumakhala kotentha, masiku ena kupitirira madigiri 35. Achikulire azisankha Epulo, Meyi, kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala.

Tsopano viza. Italy, France, Spain ndi Portugal onse ali m'chigawo cha Schengen, kotero viza ndi imodzi, yopemphedwa kwa kazembe wa dziko limene mukakhalitseko. Malipiro ake ndi mayuro 90 kwa wamkulu, ndipo akakukanizani sabweza. Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka khumi zapitazi, yokhala ndi masamba awiri osadindidwa, komanso yotsala ndi miyezi itatu kapena kuposa kuchokera tsiku lobwerera. Mutha kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndiye palibe chifukwa chothamangira sabata yomaliza. Akazembe amafuna umboni woti muli ndi ndalama komanso woti mudzabwerera. Wopuma pantchito alibe kalata ya abwana, choncho aonetse kalata ya penshoni, sitetimenti ya kubanki ya miyezi ingapo ndi mapepala a nyumba ngati alipo. Ndalama zambiri zolowa tsiku limodzi mu akaunti imene inali gwa zimadzutsa mafunso. Ngati akulipira ndi ana, alembe kalata ndi kuikapo mapepala awo. Ndondomeko ikaphatikiza Medjugorje, malo opempherera a ku Bosnia, dziwani kuti dzikolo lili kunja kwa Schengen. Viza yolowera kamodzi imathera pomwe mwatulukira, simungabwererenso ku Italy kukakwera ndege.

Inshuwalansi yaumoyo ndi lamulo, yosachepera mayuro 30,000. Apa ndi pamene achikulire amagwa m'mbuna: zotchipa zambiri sizilipira matenda amene munali nawo kale, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zina zili ndi malire a zaka. Nenani matenda anu poyera pogula. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala, owonjezera a sabata imodzi. Sutikesi ikatsalira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, mapiritsi a BP asatsalire nayo.

Mtengo ulembedwe momveka, ndipo pepala linene amene adzasenze kusiyanako kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Linenenso ndalama zimene zidzabwezedwe viza ikakanika. Zina zimene okonza maulendo sakonda kutchula ndi chakudya chamasana, msonkho wa alendo umene mahotela a ku Roma amatolera munthu aliyense usiku uliwonse, ndi katundu pa ndege zing'onozing'ono za mkati mwa Ulaya. Makilogalamu 23 amene mwanyamuka nawo pa Chileka kumeneko amalipiritsa padera. Zopempha ndalama zakunja kubanki yambani msanga, poti tonse tikudziwa mmene zikusowera.

Koma chachikulu ndi miyendo. Misewu yakale ya ku Roma ndi ya timiyala tosasalala, Assisi ali m'mbali mwa phiri la Subasio, ndipo mabasi aakulu amaima patali. Denga la tchalitchi cha Petulo Woyera lili ndi makwerero 551. Chikepe chimakuchotserani ena koma 320 amatsala, ndipo njira yake imapanikiza kumtunda. Scala Santa, makwerero opatulika 28 a ku Roma, amakwera ndi mawondo basi, ngakhale pambali pali ena oyenda choimirira, ndipo kudzera kumeneko si tchimo. Kudakali miyezi iwiri yambani kuyenda ola limodzi tsiku lililonse, masiku ena kukwera pang'ono msewu wa Ku Chawe, mutavala nsapato zimene mukavale paulendo. Nsapato zatsopano zoguliratu dzulo lake zimatulutsa matuza tsiku lachiwiri. Oganiza za Santiago de Compostela ku Spain adziwe kuti chikalata cha kumeneko chochitira umboni ulendo wachipembedzo amapatsa woyenda pansi makilomita osachepera 100, osati wofika pa basi.

M'matchalitchi salola mapewa ndi mawondo poyera, kotero amayi chitenje chisachoke m'chikwama ndipo abambo asiye akabudula. Pasipoti ndi ndalama zikhale m'kathumba ka mkati mwa malaya, makamaka pa basi nambala 64 yopita ku Vatican, imene opisa m'matumba amaikonda. Pulagi yathu ya mano atatu silowa m'masoketi awo, gulani adaputa konkuno. Nyama ndi za mkaka salola kulowa nazo. Pobwerera, madzi a ku Lourdes aikeni m'sutikesi yaikulu, botolo lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'pulasitiki, chifukwa m'chikwama cha m'manja mabwalo ambiri a ndege amalanda chilichonse choposa mamililita 100.

Owerenga anu,
Zomba