Dandaulo pa mtengo ndi mtundu wa mabuku a malamulo a Dungeons & Dragons omwe munatigulitsa

Matawale,
Zomba.

Kwa a Manijala oona za malonda,

Bwana,

Tikulemba m'malo mwa gulu la anthu asanu ndi mmodzi osewera masewero a pa tebulo kuno ku Zomba, pa nkhani ya mabuku atatu omwe tinaitanitsa kudzera m'shopu yanu: Player's Handbook, Dungeon Master's Guide ndi Monster Manual. Awa ndi mabuku a malamulo a Dungeons & Dragons, sewero limene wosewera aliyense amakhala munthu wa m'nthano, mmodzi n'kumayendetsa nkhaniyo, ndipo madayisi ndiwo amagamula zotsatira. Tinalipira K780,000, kutanthauza K260,000 buku limodzi, ndipo pa lisiti munalemba kuti onse ndi a malamulo atsopano a 2024. Katundu amene wafika sakugwirizana ndi lisitilo, komanso mtengowo mpaka lero palibe amene watilongosolera.

Tiyambe ndi ndalama. Kampani ya Wizards of the Coast, yomwe imasindikiza mabukuwa, inaika mtengo wa $49.99 pa buku lililonse. Pa mlingo wa ku banki wa pafupifupi K1,750 pa dola, buku limodzi likukwana K87,500, atatu onse K262,500. Ndiye kuti ndalama yomwe mwatilipiritsa pa buku limodzi ikanangotsala pang'ono kugula onse atatu kwawoko. Tikudziwa kuti madola akuvuta m'mabanki, kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso kuti buku la chikuto cholimba lolemera kuposa kilogalamu imodzi silikwera ndege mwaulere. Phindu lanu sitikulikana, munthu sagwira ntchito ya thangata. Koma pali K172,500 yapamwamba pa buku lililonse, ndipo titafunsa pa foni tinangouzidwa kuti "zinthu zakwera". Yankho limenelo silikwanira pa ndalama yochuluka chonchi, makamaka poti ambiri m'gulu lathu ndi ophunzira a ku Chanco omwe anasonkha pang'onopang'ono.

Chomwe chatipweteka kwambiri n'chakuti Player's Handbook yomwe mwatumiza ndi ya 2014. Kusiyanitsa kwake sikufuna katswiri. Buku la 2014 lili ndi masamba 320 ndipo pachikuto pali chimphona cha moto. La 2024 lili ndi masamba 384 ndipo pachikuto pali chinjoka cha mtundu wa golide kumbuyo kwa ankhondo. Wolongedza katundu akanangotembenuza bukulo akanaona. Mabuku awiri enawo ndi atsopano, Dungeon Master's Guide ya Novembala 2024 ndi Monster Manual ya Febuluwale 2025, ndiye m'katoni imodzi mwatisakanizira malamulo a mibadwo iwiri.

Mwina m'shopu mukuona ngati buku ndi buku, poti dzina ndi limodzi. Pa tebulo sizili choncho. Sitikunyoza la 2014, anthu ambiri akuligwiritsabe ntchito ndipo ndi labwino, koma limasiyana ndi latsopano pa malo omwe amagamula ngati munthu wa m'sewero apulumuka kapena afa. M'malamulo a 2014, amene wadzidzimutsidwa ndi adani sasuntha kapena kumenya pa mpata wake woyamba. M'malamulo a 2024 amangoponya madayisi awiri a mbali 20 n'kutenga nambala yochepa podziwa woyamba kumenya. Kutopa nakonso kunasintha: kale kunali ndi masitepe asanu ndi limodzi, sitepe iliyonse ndi chilango chakechake, pamene tsopano sitepe iliyonse imachotsa 2 pa dayisi ya mbali 20 ndi mafiti 5 pa liwiro. Lamulo la Weapon Mastery, lomwe limapatsa chida chilichonse luso lapadera monga kugwetsa kapena kukankha mdani, mulibiretu m'buku lakale. Ngakhale popanga munthu wa m'sewero, mapointi owonjezera mphamvu kale ankachokera ku mtundu wake, pano amachokera ku mbiri ya moyo wake.

Zotsatira zake n'zoti woyendetsa sewero akuwerenga lamulo lina, osewera akuwerenga lina. Dungeon Master's Guide yatsopano imadalira mndandanda wa matanthauzo a malamulo womwe uli kumapeto kwa Player's Handbook ya 2024, ndipo m'buku lomwe mwatipatsa mndandandawo mulibe. Zilombo za mu Monster Manual ya 2025 zinakonzedwa poyembekezera osewera a malamulo atsopano. Sewero la maola anayi likuthera m'kutsutsana ndi kuvundukula masamba.

Kalongedzedwe nako n'kodandaulitsa. Katoni inafika pa depoti ya Zomba pa minibasi yochokera ku Limbe, mabuku ali opanda pulasitiki, opanda chotchinga m'makona, nyengo ya mvula ino. Pepala la mabukuwa ndi losalala lonyezimira. Likalowa chinyontho n'kuuma, masamba amamatirirana ndipo ukawalekanitsa utoto umasendeka. Mu Monster Manual masamba khumi ndi awiri akumapeto amatana kumunsi, manambala a zilombo zina sakuwerengeka, ndipo kona imodzi ya chikuto yaphwanyika mpaka katoni ya mkati kuonekera. Thumba la pulasitiki la mtengo wosaposa wa botolo la zakumwa likanateteza katundu wa K260,000.

Palinso lamulo lanu loti mabukuwa simugulitsa limodzilimodzi. Wosewera wamba amangofuna Player's Handbook, madayisi asanu ndi awiri, pensulo ndi pepala. Awiri enawo ndi a woyendetsa sewero yekha, munthu mmodzi pa tebulo lonse. Kukakamiza aliyense kugula atatu n'kuthamangitsa makasitomala, chifukwa maziko a malamulowa alipo kale aulere: mu Epulo 2025 eni ake anatulutsa chikalata cha SRD 5.2 pansi pa chilolezo cha Creative Commons, ndipo aliyense angathe kuchitsitsa pa intaneti n'kukasindikiza mu tauni. Munthu amagula buku lenilenilo chifukwa chaulerecho chili ndi nthambi imodzi yokha pa gulu lililonse la anthu a m'sewero (monga ankhondo kapena amatsenga), pamene bukulo lili ndi nthambi 48, zinayi pa gulu lililonse mwa magulu 12. N'zimene tinalipirira, ndipo n'zimene simunatipatse.

Tikupempha kuti mutisinthire Player's Handbook ya 2014 ndi ya 2024, komanso Monster Manual yonyowayo ndi ina yabwino, ndalama yotumizira uku ndi uko ikhale yanu. Ngati mulibe, mutibwezere K520,000 pa nambala yomwe tinalipirira. Tikufunanso invoisi yolongosola mtengo wogulira, mlingo wa dola womwe munagwiritsa ntchito, ndalama yonyamulira pa kilogalamu, zomwe munapereka ku MRA pamodzi ndi chikalata chake, ndi phindu lanu. Mabuku awiriwo tawasunga m'katoni momwe anabwerera, ndipo tamata fotokope ya lisiti ndi zithunzi zisanu ndi zitatu.

Tidikira yankho lolembedwa kwa masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Akatha masikuwo, dandauloli tikalitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi mapepala onse.

Ndife anu,
Gulu la osewera masewero a pa tebulo,
Matawale, Zomba.