Khoma silinena amene analiwombera

Ulongwe, Angónia

Mwana wanga,

Zithunzi zako tazionera pa foni ya mlongo wako. Luso uli nalo, masitolo ogumuka a ku Mutarara aja atuluka bwino zedi. Koma usanazipachike pachionetsero chako ku Tete, imva kaye za bambo ako.

Pansi pa chithunzi china walemba kuti "ntchito ya a Matsanga", kutanthauza asilikali a Renamo. Anakuuza ndani? Dera lino laona nkhondo ziwiri zotsatizana. Ya Apwitikizi inafika kuno mu 1968, ndipo pa 16 Disembala 1972 asilikali awo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. Kenako inabwera yapachiweniweni, ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha pa 4 Okutobala 1992 atasainirana ku Rome. Bowo la chipolopolo cha 1972 silisiyana ndi la 1986. Nyumba zinanso nkhondo sinazikhudze n'komwe: mwini wake anachoka mu 1975, anthu anasasula malata, chiswe ndi mvula n'kumaliza.

Iwe unabadwa mfuti zitaleka kulira, ndiye izi uzimvetse. Nkhondo itatha boma linakhululukira onse, panalibe bwalo lofufuza kuti anapha ndani. Anyamata amene anagwidwa kupita nawo kutchire anabwerera kwawo, anawasambitsa mankhwala, anakwatira. Lero wotentha nyumba ndi wotentheredwa amakumbira limodzi manda pamaliro. Usaganize kuti anaiwala. Aliyense akudziwa, anangosankha kusunga pakamwa kuti mudzi ukhalepo. Mzere umodzi wongoganizira pa Facebook ungautse mapiri pachigwa, iwe uli phee mu tauni.

Sindikuti usiye ayi. Makomawo akutha, ena akugumulidwa, ena akupakidwa laimu. Mlatho wa Dona Ana, wa pamtsinje wa Zambezi ku Mutarara, anaukonza, sitima za malasha zochokera ku Moatize zikuwoloka, ndipo mwana wa lero sangakhulupirire kuti unadulidwapo.

Koma ukafika pamudzi yambira kwa amfumu, kamera ili m'chikwama. Khala pamphasa ndi achikulire, usawathamangitse. Lemba malo, tsiku, ndi mawu awo momwe awanenera. Awiri akasiyana nkhani, lemba zonse ziwiri, iwe si woweruza. Dzina la munthu lisatuluke mwini wake asanalole. Akakuletsa kuponda penapake, mvera, pali manda ambiri opanda mtanda.

Chimene chikundidandaulitsa kwambiri n'chakuti ukungotsata simenti. Simenti inali ya boma, ya amishoni ndi ya eni masitolo. Ife tinkagona m'nyumba zaudzu, ndipo zinapsa tili ku Dedza ndi ku Ntcheu, pamodzi ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi. Pobwerera tinazindikira bwinja la agogo ako chifukwa cha mitengo ya mango ndi mphero imene inatsala pabwalo, basi. Chionetsero cha makoma okhaokha chidzauza a mu tauni kuti nkhondo inali ya m'matauni. Jambulanso mabwinja otere, mwini bwinja ataima pomwe panali khomo lake.

Ukatsukitsa zithunzizo, zina ukasiye kwa anthu amene anakulandira, zisathere kwa alendo ogula okha. Ukabwera m'mwezi wa Ogasiti ndidzakuperekeza kwa azakhali ako ku Domwe, iwo ndiye amakumbukira nyumba iliyonse ya mudzi wakale ndi mwini wake. Bwera ndi kope lalikulu, amayankhula kwambiri. Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.