Dandaulo pa difu ya LSD imene munamanga m'chigoba cha difu ya galimoto yanga ya mpikisano

Mchinji Boma
Mchinji

Kwa Oyang'anira Malonda
Nthambi ya zipangizo za galimoto
Lilongwe

Bwana,

Ndalemba kalata ino pofuna kudandaula za difu (chipangizo chogawa mphamvu ya injini ku matayala awiri okoka) ya mtundu wa limited-slip, yochepetsa kupalasa kwa tayala limodzi, imene amakanikofe timangoitchula kuti LSD, yomwe kampani yanu inandigulitsa ndi kundimangira m'chigoba cha difu ya galimoto yanga, BMW E36 328i. Katundu amene ndinaitanitsa ndi kulipira si amene ndinalandira, ndipo chidziwitsireni anyamata anu za vutoli, yankho limene ndakhala ndikupatsidwa ndi lakuti LSD iliyonse ndi LSD basi. Mawu amenewa si oona, ndipo munthu wogulitsa zipangizo za galimoto za mpikisano sayenera kuwalankhula kwa kasitomala.

Ndili ndi galaja pano paboma, ndipo galimoto imene ndikunenayi ndinaichotsa pamsewu n'kuikonza kuti izithamanga pabwalo la mpikisano pokha. Pamene ndinabwera kusitolo kwanu ndinafotokoza zonse mosabisa: kuti injini yake ndi ya malita 2.8 yotulutsa mphamvu yopotokola ya 280 Nm, kuti imakoka ndi matayala akumbuyo, kuti ndinaitsitsa n'kuikamo masipuling'i ndi mashoko olimba, komanso kuti ndinali nditalembetsa kukathamanga pabwalo la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, lomwe ndi lalifupi, pafupifupi makilomita 2.4, ndipo lili ndi makona amene galimoto imatulukamo pa giya yotsika. Titakambirana ndi wogulitsa wanu tinagwirizana za LSD ya mapuleti, ya 1.5-way, yolowa m'chigoba cha mamilimita 188, ndiponso kuti magiya akuluakulu a 2.93 amene anabwera ndi galimotoyo asasinthidwe. Zonsezi zinalembedwa pa kotesheni ndi pa lisiti, ndipo makope ake ndawaphatikiza ku kalata ino. Ndinakusiyirani difu yonse kuti amisiri anu aimange okha, chifukwa munanditsimikizira kuti muli ndi zida zoyezera zimene ine ndilibe.

Difuyo inabwera kuno yotsekedwa kale, oyilo ali m'kati. Nditaimanga ndinakweza galimoto pa jeki n'kuzunguza tayala limodzi ndi dzanja, ndipo linzake linazungulira chobwerera, monga zimachitikira pa difu wamba. Difu ya mapuleti yatsopano, yokhala ndi preload (kupanikizidwa kale kwa mapuletiwo), imayenera kukokera tayala linalo mbali imodzimodziyo. Nditaimba foni ndinauzidwa kuti zimatero difu ikakhala yatsopano, ndiyambe ndaiyendetsa kaye. Ndinakaiyesa pabwalo lotsekedwa kuno kwathu, ndipo pa kona iliyonse yothina, ndikangoponda moto, tayala lam'kati linkapalasa ndi kufuka utsi galimoto isakupita. Nditatsegula chivindikiro chakumbuyo, maonekedwe a chipangizocho ndi zilembo zodindidwapo zinaonetsa poyera kuti munandiikira LSD ya magiya opindika, ya mtundu wa helical, imene ilibe puleti ngakhale imodzi.

Popeza ogwira ntchito anu akulimbikira kunena kuti palibe kusiyana, ndiloleni ndifotokoze pang'ono, ngakhale ndikukhulupirira kuti inuyo mukuzidziwa. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana ku matayala awiri, ndipo mphamvu imene imafika pansi imalekezera pa tayala limene lagwira pang'ono. Aliyense amene anatitimirapo ndi pikapu m'matope a msewu wa ku Mkanda nthawi ya dzinja anaziona: tayala limodzi likupalasa matope, linzake lili chiimire pouma. LSD ya helical imachepetsa vutoli pogwiritsa ntchito kukhulana kwa magiya ake, moti tayala logwira bwino limalandira mphamvu yoposa ya linzake kangapo, tinene katatu. Koma kuchulukitsako kumayambira pa mphamvu imene tayala lofooka likutha kusunga. Tayala lam'katilo likanyamuka, kaya chifukwa lakwera m'mphepete mwa kona kaya chifukwa galimoto yolimba masipuling'i yapendekera kunja, limasunga 0, ndipo 0 kuchulukitsa ndi 3 amakhalabe 0. Pamenepo difu ya helical imangosanduka difu wamba, pa nthawi yeniyeni imene dalaivala akuifuna koposa.

Difu ya mapuleti imagwira ntchito mwa njira ina. M'kati mwake muli mapuleti ofanana ndi a kilachi amene amakhala opanikizidwa kale ndi sipuling'i, ndiye preload ija, kotero kuti ngakhale tayala limodzi litakhala m'mwamba, linzake limalandirabe mphamvu. Dalaivala akaponda moto, timitanda ta pakati timakankha mphete zokhala ndi malo otsetsereka, mphetezo n'kufinya mapuleti kwambiri, matayala awiriwo n'kumakokera pamodzi. Kapendekedwe ka malo otsetserekawo ndi kamene kamasiyanitsa mitundu itatu ya difu ya mapuleti. Ya 1-way imagwira pokoka pokha. Ya 2-way imagwira mofanana pokoka ndi pochepetsa liwiro, n'chifukwa chake imakondedwa ndi oseretsa galimoto chammbali, koma pabwalo la liwiro imachititsa galimoto kukana kulowa m'kona. Ine ndinasankha ya 1.5-way chifukwa imagwira mokwanira potuluka m'kona, ndipo polowa, pamene phazi lili pa buleki, imangogwira pang'ono kuti kumbuyo kusagwedezeke koma kutsogolo kumverebe chiwongolero. Ubwino wina ndi wakuti difu ya mapuleti imatheka kuimasula, kusintha chiwerengero cha mapuleti kapena preload, n'kuigwirizanitsa ndi bwalo ndi matayala, zimene sizitheka pa helical.

Sindikunyoza katundu amene munandiikira. Pa galimoto yoyenda pamsewu tsiku ndi tsiku, kapena yokoka ndi matayala akutsogolo, difu ya helical ndi yabwino zedi: sichita phokoso pokhota, sifuna kusintha mapuleti, ndipo imakhalitsa. Akanakhala kasitomala wanga woyenda pakati pa Kamwendo ndi Namitete, ndikanamulangiza yomweyo. Koma ine ndinanena ntchito ya galimotoyi ndisanatulutse ndalama, ndipo ngati ya mapuleti inasowa kumene mumaitanitsa, chinali chanzeru kundiimbira foni kuti ndisankhe ndekha kudikira kapena kusintha, m'malo moika chinthu china m'chigoba, kuchitseka, n'kundilembera lisiti ya chimene mulibe m'katimo.

Palinso vuto lachiwiri, la kamangidwe. Difuyi imalira mokweza galimoto ikamathamanga, makamaka ndikachotsa phazi pa moto, pamene isanabwere kwa inu inali ya zii. Nditapaka utoto woyezera pa mano a giya yaikulu ndinaona kuti manowo akugundana cha kumapeto m'malo mwa pakati, chizindikiro chakuti backlash, kampata ka pakati pa mano a magiya, sinayezedwe bwino pobwezera mabering'i ndi mashimu (tizitsulo topyapyala tosinthira kampatako). Ndinasiya kuiyendetsa nthawi yomweyo kuti magiyawo asadyeke, chifukwa magiya a chigoba cha 188 sapezeka wamba kuno kwathu. Mwandilipiritsanso oyilo wa 75W-140 wokhala ndi mankhwala othandiza mapuleti, chikhalirecho m'difumo mulibe mapuleti.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mmene nkhaniyi yasamalidwira. Zithunzi ndinatumiza pa WhatsApp ya kampani, zinaonedwa, koma sizinayankhidwe. Nditabwera ndekha, ulendo wa makilomita oposa 100 pamsewu wa M12, ndinauzidwa kuti abwana atuluka, ndipo mnyamata wa pakauntala anandiuza kuti katundu amene wamangidwa kale m'galimoto sabwezedwa. Lamulo limeneli ndikulimvetsa pa katundu amene kasitomala wamuona ndi maso ake n'kukamanga yekha. Koma apa amene anamanga ndi kutseka chigobacho ndi amisiri anu, ndipo panalibe njira ina yodziwira za m'kati popanda kuyesa difuyo kapena kumatula chidindo chanu, chimene mukananenanso kuti chathetsa chitsimikizo. Chifukwa cha kuchedwaku ndalephera kupita kumpikisano umene ndinalembetsa, ndipo ndalama zolembetsera sizibwezedwa.

Pempho langa ndi lakuti kampani yanu itenge difuyi pa ndalama zake, ichotsemo ya helical, iikemo LSD ya mapuleti ya 1.5-way monga zalembedwera pa lisiti, ndipo iyezenso backlash ndi kugundana kwa mano ine ndilipo chigoba chisanatsekedwe. Magiya akuluakulu akapezeka kuti anadyeka chifukwa cha kamangidwe kaja, muwasinthe popanda kundilipiritsa. Ngati simungathe kupeza difu imene tinagwirizana, mundibwezere ndalama zonse za chipangizocho, za ntchito ndi za oyilo, ndipo mundibwezeretsere difu yanga yakale mmene inalili kuti ndikafune thandizo kwina. Za ndalama zimene ndataya pa maulendo ndi pa kulembetsa ndili wokonzeka kukhala nanu pansi kuti tikambirane, ndipo malisiti ake ndawasunga.

Ndikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalata ino. Nthawi imeneyi ikadutsa popanda kanthu, ndidzapereka nkhaniyi, pamodzi ndi kotesheni, lisiti, zithunzi ndi mauthenga onse, ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula m'dziko muno. Difuyo ndaichotsa m'galimoto ndipo ndaisunga pagalaja mmene inalili, kotero mmisiri wanu akhoza kubwera kudzaiona tsiku lililonse la ntchito, bola andidziwitse pa foni imene ili pa lisiti yanu.

Ine kasitomala wanu,

Mwini galaja
Mchinji Boma