Kalata kwa makolo pa kutha kwa chigawo chachitatu: umoyo wa ana pa tchuthi cha dzinja

Okondedwa makolo ndi onse olera ana a pasukulu yathu kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse ndi kwa mamembala a Conselho de Escola (komiti ya sukulu). Chigawo chachitatu chatha, mayeso alembedwa, ndipo ana akubwerera m'manja mwanu kuti akhale nanu nyengo yonse yobzala ndi yopalira mpaka sukulu idzatsegulidwenso. Zotsatira za mwana aliyense mudzazilandira kwa mphunzitsi wake, choncho kalata ino ndaipatulira nkhani ya umoyo wa ana, chifukwa titakhala pansi ndi aphunzitsi kuwerenga mabuku oitanira mayina, tinaona kuti ana ambiri amene atsalira m'maphunziro si opanda nzeru ayi, koma ndi amene anajomba masiku ochuluka, ndipo tikafunsa chimene chinawajombetsa, yankho linali malungo, kutsekula m'mimba kapena njala.

Ndiyamba ndi malungo, pakuti ndiwo atilanda masiku ambiri kuposa matenda ena onse. Alipo akuluakulu amene amanenabe kuti kuno kumapiri, kumene timaotha moto mu Juni ndi Julayi, udzudzu ulibe mphamvu ngati wa kuchigwa cha Zambezi, koma mvula ikangokhazikika madzi amadikha m'madambo, m'maenje oumbira njerwa ndi m'mapazi a ng'ombe, ndipo udzudzu umaswana m'menemo. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chizolowezi chimene tachiona kambirimbiri: mwana akatentha thupi usiku, kholo limagula mapiritsi a panado pakagolosale, kutentha kumatsika, m'mawa mwana amatumizidwa kusukulu, ndipo pofika tsiku lachitatu mphunzitsi amamupeza atazolika pa desiki, akunjenjemera, maso atafiira. Panado amaziziritsa thupi koma sapha tizilombo ta malungo timene tili m'magazi. Ndikupempha kuti mwana akatentha thupi mupite naye tsiku lomwelo ku Centro de Saúde (chipatala chaching'ono) kapena kwa APE (wazaumoyo wa m'mudzi) wa m'dera lanu kuti akamuyeze magazi a pachala, zomwe zotsatira zake zimatuluka musanachoke n'komwe. Akamupeza nawo n'kumupatsa mankhwala a malungo a Coartem, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3 osadumphitsa, atadya kanthu, ndipo amalize onse ngakhale ataoneka kuti wachira pa tsiku lachiwiri, chifukwa mapiritsi amene mumasungira mng'ono wake ndi amene akanamaliza tizilombo totsalira. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kumwa, kapena akugona mosadzutsika, musadikire kuti kuche; mufulumire naye kuchipatala, ndipo azaumoyo akanena kuti apite kuchipatala chachikulu ku Ulónguè, musazengereze.

Za maukonde a udzudzu ndilankhula mosabisa. Ndikamadutsa m'madimba ndimaona maukonde atatchinga nazale za tomato ndi kabichi, ena atakutira khola la anapiye. Ndikudziwa kuti mbewu ndi ziweto ndizo chuma chathu, koma ukondewo unaperekedwa kuti mwana agonemo usiku uliwonse, ndipo ukang'ambika umasokedwa ndi singano ndi ulusi wamba.

Nkhani yachiwiri ndi ya madzi ndi zimbudzi. Sitinaiwale kolera amene anayamba m'dziko muno chakumapeto kwa 2022, n'kukula kwambiri pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo chigawo chathu cha Tete sichinapulumuke. Matendawa, pamodzi ndi kutsekula m'mimba kwa masiku onse, amafala pamene chimbudzi cha munthu chafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya, ndipo dzinja ndilo limakokolola zonyansa za kutchire n'kuzithira m'zitsime zosatetezedwa. Madzi akumwa awiritsidwe, kapena muthiremo mankhwala otetezera madzi a Certeza, kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Mukamva mphekesera zoti azaumoyo amene amathira mankhwala m'zitsime ndiwo amabweretsa kolera, musazivomere. Mphekesera zoterezi zavulazitsa anthu osalakwa m'zigawo zina za dziko lino, pamene matendawo ankapitirira kupha. Mwana akayamba kutsekula, chimene chimamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi, choncho musungunule paketi imodzi ya SRO (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi) mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimumwetsa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo musamumane chakudya.

Pasukulu pano ana aphunzira kupanga mpondagiya wosambira m'manja ndi kachigubu, chingwe ndi mitengo, ndipo kalasi iliyonse yakhala ndi sabata yake yodzaza madzi ndi kuyang'anira sopo, kapena phulusa sopo akatha. Mwana wanu akakupemphani kachigubu ka malita 5 kuti amange mpondagiya pafupi ndi chimbudzi cha pakhomo, mumulole, ndipo musamuseke akakukumbutsani kusamba m'manja musanadye, chifukwa ndi ife tamutuma. Pokhapo ndichenjeze: chigubu kapena botolo limene munali mankhwala opopera mbatatesi ndi tomato lisagwiritsidwe ntchito yosungira madzi ngakhale mutalitsuka motani, ndipo ana asapatsidwe ntchito yosakaniza kapena kupopera mankhwalawo.

Ndithokoze makolo amene munabwera kudzaumba njerwa ndi kukumba dzenje la chimbudzi chatsopano cha atsikana. Ndalama za ADE (thandizo la boma lopita ku sukulu) zimene sukulu imalandira n'zochepa ndipo zili ndi ntchito zambiri, moti popanda manja anu chimbudzicho chikanakhala chikhalire pa pepala. Chatsala ndi denga ndi zitseko, ndipo a Conselho de Escola adzakudziwitsani kudzera mwa anyakwawa tsiku lomalizitsa ntchitoyi mvula isanagwetse makoma.

Likodzo ndi matenda amene ana amabisa. Mnyamata akaona magazi kumapeto kwa mkodzo amachita manyazi, ndipo ena anauzidwa kuti n'chizindikiro cha kukula, pamene zoona zake n'zakuti ndi tinyongolotsi timene timachokera mu nkhono za m'madzi odikha, timalowa kudzera pakhungu mwana akamasambira, kuchapa kapena kuwedza, ndipo tikakhalitsa timawononga chikhodzodzo ndi kumusiya mwana wosowa magazi. Mankhwala ake alipo, a praziquantel, ndipo azaumoyo akabwera kudzagawa pasukulu amayeza msinkhu wa mwana pa ndodo kuti adziwe mapiritsi omuyenera. Mapiritsiwa amachititsa chizungulire ndi nseru akamwedwa m'mimba mopanda kanthu, ndipo ndicho chifukwa chake timakudziwitsani tsiku lake pasadakhale kuti mwana abwere atadya. Kumubisa kumunda pa tsikulo n'kumulakwira.

Chimodzimodzinso katemera. Mu 2022 poliyo wa mtundu wachilengedwe anapezeka mwa mwana m'boma la Changara, m'chigawo chathu chomwechino, patapita zaka 30 dziko la Mozambique lisanaonenso matenda a mtundu umenewo, ndipo izi zinachitika miyezi yochepa chipezekereni matenda omwewo ku Lilongwe. Ife amene timawoloka malire pa Calómuè kukagula ndi kukagulitsa ku Dedza tiyenera kudziwa kuti matenda amayenda njira zomwe timayendamo. Kuyambira mu 2021 boma limaperekanso katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, ndipo sindikuvomereza zonena zakuti katemerayu amatseka mimba. Iye amateteza chiberekero chomwecho chimene mtsikanayo adzaberekere akadzakula. Amene mukulembetsa ana a zaka 6 m'kalasi yoyamba, yang'ananinso khadi la kusikelo la mwanayo, ndipo ngati pali katemera amene anadumphidwa, kafunseni kwa anamwino.

Sukulu imatsegulidwa pa nyengo imene nkhokwe zambiri zapepuka ndipo chimanga cha kumunda sichinakhwime. Mphunzitsi safunika kuuzidwa kuti mwana uyu wabwera osadya: pofika 9 koloko amakhala akuyasamula, mutu uli pa mkono, ndipo pa nthawi yopuma amaima pambali kuyang'ana anzake akutafuna. Dera lathu limadyetsa mzinda wa Tete ndi mizinda ina mbatatesi, nyemba, soya ndi chimanga, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa mlimi wa soya azikhala m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Musanagulitse thumba lomaliza kwa ogula amene amabwera ndi masikelo, patulani ndowa ya soya kapena ya mtedza yoti muzisakaniza ndi mgaiwa pophika phala la m'mawa. Kukacha mochedwa, mbatata yophika dzulo, chimanga chokazinga kapena mango ndi zokwanira kumugwira mwana mpaka poweruka.

Tsopano ndilankhule za ana athu aakazi, ndipo ndikupempha amayi, azakhali ndi anankungwi mundimvetsere mwachifatse. Atsikana a m'makalasi a 5 ndi 6 amajomba masiku angapo mwezi uliwonse akakhala kumwezi, ena chifukwa cha cham'mimba, ambiri chifukwa choopa kudetsa yunifolomu n'kusekedwa ndi anyamata. Tasankha mphunzitsi wamkazi woti mtsikana aliyense azimufikira mosaopa, ndipo anyamata talankhula nawo mwamphamvu. Kwanu n'kumukonzera mwanayo nsalu zoyera zokwanira, sopo, ndi malo oyanika pa dzuwa, pakuti nsalu youmira pansi pa mphasa imabweretsa zilonda ndi kuyabwa. Mwambo wolangiza namwali sitikuutsutsa, koma kutha msinkhu sikutanthauza kuti thupi lakonzeka kubereka. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 chiuno chake sichinakhwime, ndipo ndiye amakhala pa ngozi yaikulu yovutika pobereka, kudwala fistula kapena kutaya moyo. Tchuthi chachitali ngati chino ndicho chimatitayitsa atsikana. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati kapena kulowana kwa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limalanga wamkulu wokwatira mwanayo pamodzi ndi amene amupereka kapena kukonza ukwatiwo. Mtsikana amene watenga pakati sachotsedwa sukulu, ndipo kuyambira mu 2018 sakakamizidwanso kusamukira ku makalasi a usiku, choncho musamutsekere m'nyumba. Bwerani naye tikambirane. Makolo athu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene mwaona mwana akuzunzidwa, akumenyedwa mopyola, kapena akukonzeredwa ukwati, mutha kundiuza mwachinsinsi, kuuza amfumu, kapena kuimba ulere pa nambala 116 ya Linha Fala Criança.

Ana akuthandizeni kumunda monga mwa msinkhu wawo, koma asatumidwe kukagula kapena kukagulitsa kachasu, asawoloke mitsinje yodzaza okha, ndipo oweta ng'ombe auzidwe kuti asabisale pansi pa mtengo woima wokha kukamachita ziphaliwali. Ngati mwana wanu ali ndi matenda a khunyu, mphumu, kapena amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ngakhale otalikitsa moyo, mudzandiuze ineyo kapena mphunzitsi wake potsegulira, kuti tidziwe chochita akadwala m'kalasi. Nkhaniyo idzathera pakati pathu. Chimodzimodzi mwana amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi kapena samva bwino, kuti timukhazike kutsogolo ndi kukulemberani kalata ya kuchipatala.

Tsiku lotsegulira sukulu ndi la msonkhano woyamba wa makolo tidzalilengeza kudzera mwa anyakwawa ndi m'matchalitchi, ndipo tidzalimatanso pa chitseko cha ofesi. Pa msonkhanowo tidzapempha a ku Centro de Saúde kuti adzakhale nafe, kotero amene muli ndi mafunso okhudza katemera kapena mankhwala a likodzo mudzawafunse pamaso.

Ine wanu pa ntchito yolera ana,

Mkulu wa Sukulu