Za mnyamata wanu ndi usilikali

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira ndipo ndauwerenga kawiri. Kuno tilipo, mvula inachedwa koma chimanga chamera. Yandisowetsa tulo ndi nkhani ya mnyamata wanu. Mwati walowa maphunziro ausilikali a ROTC kukoleji kwake konko ku America, ndipo alamu akungolira. Sindikuwadzudzula ayi. Koma musanamukalipire, ndiloleni ndikufotokozereni za munthu wina amene analowera pakhomo lomwelo.

Colin Powell anabadwira ku Harlem mu 1937, nakulira ku South Bronx, madera a mumzinda wa New York. Makolo ake anali obwera, ochokera ku Jamaica, ndipo mayi ake ankasoka zovala. Ndikuganiza kuti mwaona kale kufanana kwake ndi mwana wanu. Ku City College of New York ankaphunzira za miyala ndi nthaka, koma m'kalasi anali wapakatikati chabe. Mtima wake unakhazikika atavala yunifolomu ndi kuyamba perete. Mu 1958 anatuluka ali lefutenanti, napita kukaphunzira ku Fort Benning m'chigawo cha Georgia, nthawi imene malo odyera ambiri kunja kwa kampu sankalandira munthu wakuda.

Apa ndi pamene ndikufuna mnyamatayo amvetsetse, chifukwa achinyamata amangoona nyenyezi zapaphewa. Powell anatumizidwa ku Vietnam kumapeto kwa 1962 ngati mlangizi wa asilikali a South Vietnam. Mu 1963, akuyenda m'tchire, anaponda msampha wa nsungwi yosongola, ndipo inaboola phazi. Inu mukudziwa ululu wa chitsotso cha nsungwi pachala, nanji yolowa kuphazi uli kutali ndi chipatala. Atabwererako mu 1968, helikopita imene anakwera inagwa. Iye, mwendo uli wovulala, anabwerera kukasolola anzake m'zitsulo zophwanyikazo, mmodzi mwa iwo ali mkulu wa gulu lawo lonse.

Sindikubisirani mbali yowawa. Asilikali a gulu lomwelo ndi amene anapha anthu wamba mazanamazana m'mudzi wa My Lai mu Malichi 1968, iye asanafike. Pambuyo pake anam'patsa kalata ya msilikali wina yodandaula za nkhanza zimene anthu a ku Vietnam ankachitiridwa kuti aifufuze, iye nayankha kuti ubale wa asilikali ndi anthuwo unali wabwino kwambiri. Zimenezi zimandipweteka ndikamaziganizira.

Kuchokera pamenepo anangokwera. Analamulira asilikali ku South Korea, analandira nyenyezi yoyamba ya ujenerale mu 1979, anatsogolera gulu lalikulu la asilikali la V Corps ku Frankfurt m'dziko la Germany, kenaka anakhala mlangizi wa Pulezidenti Reagan pa zachitetezo. Mu 1989, ali ndi zaka 52, anakhala mkulu wa akuluakulu onse ankhondo a America, munthu wakuda woyamba pampando umenewo.

Chimene ndimamulemekezera si mipandoyo ayi. Vietnam inamuphunzitsa kuopa nkhondo yolowa mwachisawawa. Mfundo yake inali yakuti usatumize ana a eni kunkhondo usanadziwe chimene ukufuna, anthu akumudzi asanavomereze, ndiponso usanaone potulukira. Ukaganiza zopita, pita ndi mphamvu zonse kuti ithe msanga. Mu 1991, pochotsa asilikali a Iraq ku Kuwait, America inasonkhanitsa asilikali oposa 500,000, ndipo nkhondo yapamtunda inatha m'maola 100. Anapuma usilikali mu 1993 atatumikira zaka 35.

Ndiye taganizani, achimwene: munthu yemweyu, ali nduna yoona za maubale ndi mayiko akunja, pa 5 Febuluwale 2003 anakhala pamaso pa United Nations atanyamula kabotolo kakang'ono m'manja, nauza dziko lonse kuti Iraq ili ndi zida zoopsa zopululira anthu. Ambiri tinakhulupirira chifukwa wolankhulayo anali iyeyo. Zidazo sizinapezeke, koma nkhondo inachitika ndipo anthu anatha. Mwiniwake anadzavomera kuti limeneli ndi banga pa mbiri yake, ndipo analisenza mpaka anamwalira mu Okutobala 2021.

Mnyamatayo musamutsekereze. Mwina wapeza pamene mtima wake wagona, monga anachitira Powell. Koma mukhale naye pansi, inu ndi alamu, mumuuze za nsungwi ija, za kalata ija ndi kabotolo kaja, mumve mmene ayankhire. Mumufunsenso kuti akasaina atumikira zaka zingati, pepalalo muliwerenge limodzi asanaikepo dzina. Loweruka madzulo ndimakhala pakhomo. Muuzeni andiimbire pa WhatsApp, ndikufuna ndimve mawu ake ndekha.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti amayi akuno akumupempherera mwanayo. Ufa ndi usipa uja tipatsira akapezeka wobwera kumeneko.

Ndatha ine mnzanu wakale.