Lipoti la Msonkhano wa Akulu a Mpingo pa Nkhani ya Ubatizo ndi Kulapa kwa Tsiku ndi Tsiku

Abusa, akulu a mpingo anzanga, amayi ndi abambo nonse a mpingo wathu wa Lutheran kuno kufupi ndi Kamwendo, ndikupereka lipoti la ulendo umene munandituma ku Lilongwe, kumene nthumwi za mipingo yathu zinasonkhana kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu sabata yatha. Ndinanyamuka mbandakucha pa kabaza, koma chifukwa minibasi inachedwa kudzaza ndiponso inaima nthawi yaitali pa Namitete, ndinafika mapemphero otsegulira atatha kale. Malisiti onse ndawapereka kwa a msungichuma, ndipo ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti pamene ndalama ya ulendo inkasonkhedwa, ena anafunsa ngati sikukanakhala bwino kugulira malata.

Za tsiku loyamba sindichulukitsa mawu. Tinamva mbiri ya mpingo kuchokera pamene amishonale oyamba a Lutheran anafika ku Blantyre mu 1963, kenaka malipoti a zachuma amene anatenga masana onse, ambiri a ife tikulimbana ndi tulo.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika Lachitatu mmawa. Mphunzitsi wathu, abusa achikulire a imvi, anaika beseni la madzi patebulo, natifunsa kuti amene akudziwa tsiku limene anabatizidwa akweze mkono. M'holo yodzaza munakwera mikono yowerengeka, ndipo wanga sunali pakati pake, ngakhale ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri. Abusawo anatiuza kuti Martin Luther anabadwa pa 10 Novembala 1483 ku Eisleben, nabatizidwa mawa lake pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira Martin Woyera, kumene kunachokera dzina lake. Khanda la tsiku limodzi silinalonjeze kanthu kwa Mulungu, komabe munthu yemweyo atakula anaphunzitsa kuti pamene tchimo ndi chikumbumtima zikutitsutsa, tiziyankha kuti, “Koma ndine wobatizidwa.” Abusa anatsindika kuti sitinena za mwambo umene unachitika kale nkutha, koma za lonjezo la Mulungu limene likugwirabe ntchito lero. Nditabwerako ndinafufuza khadi langa la ubatizo m'sutikesi, ndipo ndinalipeza pansi pa makhadi a sikelo a ana, njenjete zitadya ngodya imene panali dzina la abusa amene anandibatiza.

Tinawerenga pamodzi funso lachinayi la ubatizo m'Katekisimu Wamng'ono wa Luther wa 1529, limene tonse tinaloweza tisanalandire Mgonero koma ambiri tinalisiya m'kalasi momwemo. Yankho lake limati Adamu wakale amene ali mwa ife ayenera kumizidwa ndi kufa tsiku ndi tsiku mwa chisoni cha machimo ndi kulapa, ndipo tsiku ndi tsiku adzuke munthu watsopano, monga Aroma 6:4 akunenera kuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mwa ubatizo kuti tiyende m'moyo watsopano. Ine monga mlimi ndinaganiza za nansongole wa m'dimba langa, amene ndimamulima lero, patapita masiku ochepa waphukanso kuchokera ku mizu ya pansi, ndipo palibe mlimi amene amasiya munda chifukwa choti anapalirapo kamodzi. Mfundo yoyamba mwa mfundo 95 zimene Luther analemba ku Wittenberg mu 1517 ikunena zomwezo, kuti pamene Ambuye anati “Lapani,” anafuna kuti moyo wonse wa okhulupirira ukhale wa kulapa.

Apa ndi pamene ndinaimirira ndi kufotokoza vuto lathu la kuno, la abale amene akumapita kukamizidwa mu mtsinje wa Bua atauzidwa kuti madzi a pamutu a ku ukhanda sanakwane. Nthumwi zina zinati kwawonso ndi chimodzimodzi. Abusa anayankha ndi Aefeso 4:5, pamene pali Ambuye mmodzi, chikhulupiriro chimodzi ndi ubatizo umodzi, nawonjezera fanizo la m'Katekisimu Wamkulu lakuti ubatizo uli ngati chombo chimene sichisweka, ndipo munthu akagwa m'madzi ayenera kusambira kubwerera ku chombo chomwecho. Bambo wina wa ku Nkhotakota anaseketsa anthu ponena kuti msodzi akagwa m'bwato sapita kukasema bwato lina ali m'madzi. Msonkhano unagwirizana kuti obwerera aziphunzitsidwa ndi kulandiridwa akavomereza kulakwa kwawo, popanda kuwabatizanso. Ine ndinavomera, koma ndinena poyera kuti chigamulocho chinazemba funso lenileni, lakuti nchifukwa chiyani anthu athu akupita ku Bua. Mayi wina amene anachoka pakati pathu chaka chatha anandiuza pamaliro kuti anapita kumeneko chifukwa ankafuna kumva kuti wasambitsidwa, popeza kuno ankangomva kuti ndi wochimwa. Mawu amenewo ndawasunga, ndipo sindikuganiza kuti mayiwo ndiwo olakwa okha.

Lachinayi tinaphunzira za kuulula machimo ndi za mafungulo a Ufumu wa Kumwamba, ndiye kuti ulamuliro umene Khristu anapatsa mpingo wokhululukira kapena kusakhululukira machimo, kuchokera pa Yohane 20:22-23. Anatiwerengera nkhani ya 12 ya Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha a Lutheran, ndipo nkhaniyo imati amene achimwa atabatizidwa kale amalandira chikhululukiro nthawi iliyonse akalapa, ndipo mpingo suyenera kuwamana mawu a chikhululukirocho. Pamene ankawerenga, maso a mtima wanga anali pa benchi yathu yakumbuyo, pamene pakhala mtsikana uja amene tinamuika pa mwambo atatenga pathupi. Mwana wake tsopano akuyenda, mtsikanayo anabwera kale kwa akulu a mpingo akulira, koma nkhani yake timangoikankhira ku msonkhano wotsatira, pamene mnyamata amene anamupatsa pathupi akuimba m'kwaya Lamulungu lililonse. Mwambo wa mpingo uli ndi malo ake, ndipo Mateyu 18 amatiuza kuti cholinga chake ndi kubweza mbale. Koma munthu akalapa kale, kumusiya kumbuyo zaka ziwiri ndi chilango chathu chabe, ndipo sindinapeze vesi kapena tsamba la katekisimu lotiloleza kutero. Ndinafunsa abusa aja paokha panthawi ya tiyi, osatchula dzina la munthu kapena la mpingo wathu, ndipo anandifunsa kuti, “Nanga bambo, mukudikira chiyani?”

Popeza ndafika pamenepa, ndiloleni nditchulenso za matumba a simenti aja amene anauma m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Papita zaka zitatu chinenedwere kuti ine ndinagulitsa ena mwa matumbawo, ndipo ngakhale komiti inawerenga nkupeza kuti onse alipo, palibe amene anaima pamaso pa mpingo kuti ayeretse dzina langa. Ine ndi bambo amene anayambitsa nkhaniyo timagwada pa guwa limodzi, timamwera chikho chimodzi, timanena limodzi kuti mutikhululukire mangawa athu monga ifenso takhululukira amangawa athu, koma tikatuluka panja wina amayang'ana kummawa, wina kumadzulo. Sindikudziyeretsa, chifukwa inenso ndakhala ndikuwalambalala pa msika, ndipo usiku wa Lachinayi sindinagone bwino poganizira zimenezi. Ndikupempha abusa atikhazike pansi awirife Mgonero wotsatira usanafike.

Panali mtsutso waukulu pa nkhani ya chizindikiro cha mtanda. Katekisimu amati mmawa podzuka ndi madzulo pokagona, munthu adzilembe chizindikiro cha mtanda m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, dzina lomwe lija limene anabatizidwamo, kenaka anene Chikhulupiriro cha Atumwi ndi Pemphero la Ambuye, ndipo m'pemphero la madzulo apemphe chikhululukiro cha zolakwa za tsikulo. Nthumwi zambiri zinati zimenezo ndi za Akatolika, ndipo kuno ku Mchinji, kumene tili pafupi ndi malo a Akatolika a Guilleme ndi Kachebere, anthu adzati tasintha mpingo. Msonkhano unasiya nkhaniyi m'manja mwa munthu aliyense, popeza si lamulo la Mulungu. Ine ndayamba kuchita posukusula mmawa, madzi ali kumaso, ngakhale mayi a kunyumba anandiyang'ana modabwa tsiku loyamba.

Lachisanu tinakambirana zosintha mawu ena m'malamulo a mpingo, zimene ndasiya kwa a mlembi kuti awerenge okha. Anapemphanso kuti mpingo uliwonse ukonze kaundula wa ubatizo ndi kumatchula Lamulungu loyamba la mwezi mayina a amene anabatizidwa mwezi umenewo. Zimenezi ndinaziombera m'manja, koma kaundula wathu ali ndi masamba opanda kanthu a zaka zimene tinalibe abusa okhazikika, kotero padzafunika kuyenda m'makomo kukaona makhadi, ndipo ine ndadzipereka kuyamba ndi midzi ya kutsidya kwa dambo. Pa ganizo lokweza chopereka cha ku likulu ndinakana, chifukwa anthu athu sanagulitse soya ndi mtedza pa mtengo wabwino, koma ambiri anavomera ndipo chigamulocho chikutimanga.

Ndabwera ndi makatekisimu 10 amene anatigawira, ndipo ali ndi aphunzitsi a Sande sukulu. Pa ndalama ya ulendo panatsala K4,500, imene ndabweza pamodzi ndi malisiti. Ndikupempha a mlembi kuti pa msonkhano wa akulu a mpingo Loweruka likubwerali, nkhani ya mtsikana wa pa benchi yakumbuyo ikhale yoyamba, isanabwere ya malata.